Zimene akatswiri a malupanga angaphunzitse oyendetsa masewero m'dziko muno

KASUNGU: Madzulo a pa 28 Julaye 2024, m'chinyumba cha Grand Palais mumzinda wa Paris, mnyamata wa zaka 21 wa ku Egypt, Mohamed El-Sayed, anapata mendulo ya bulonzi pa masewero a Olimpiki atagonjetsa Tibor Andrásfi wa ku Hungary ndi mapointi 8 kwa 7. Awiriwa amapikisana pa masewero olimbana ndi malupanga, amene pa Chingerezi amatchedwa fencing. Mpikisano wa mtunduwu umayenera kutha wina akafika pa mapointi 15, koma akatswiri awiriwa anatha mphindi zisanu ndi zinayi zonse zimene malamulo amapereka ali pa 7 kwa 7, ndipo nkhani inakathera m'mphindi yoonjezera. Munthu woonerera koyamba akanaganiza kuti onse awiri agwidwa ndi mantha, pamene zoona zake n'zakuti aliyense anali kuwerengetsera mwakuya mtengo wa phazi lililonse limene akanaponda.

Dzulo lake, m'chinyumba chomwecho, Fares Ferjani wa ku Tunisia anali atatenga mendulo ya siliva. Mamendulo awiriwa anaonjezera pa ena awiri amene Africa inali nawo kale pa masewerowa: siliva wa Alaaeldin Abouelkassem wa ku Egypt ku London mu 2012, ndi bulonzi wa Inès Boubakri wa ku Tunisia ku Rio de Janeiro mu 2016. Dziko la Malawi linayamba kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, ndipo kufikira masewero a ku Paris linali lisanabweretseko mendulo ngakhale imodzi. Ku Paris linatumiza osewera atatu okha, wothamanga Asimenye Simwaka ndi osambira awiri.

Pali mfundo ina imene imaiwalika kawirikawiri pamene akuluakulu akugawa kangachepe kamene boma limapereka ku masewero. Kufikira masewero a Commonwealth a 2022 ku Birmingham, mamendulo onse atatu amene dziko lino linapatako pa mpikisanowo anachokera ku nkhonya: Tatu Chionga mu 1970, kenaka Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986, onse mumzinda wa Edinburgh. Chidwi cha anthu, ndalama za makampani ndi zolankhula za atsogoleri zimathera pa mpira wamiyendo ndi wamanja, ndipo palibe angatsutse kuti ma Flames, ma Scorchers ndi ma Queens asangalatsapo mtundu wa Amalawi. Komabe mamendulo amene ali m'kaundula anabwera ndi munthu mmodzi wolimbana ndi mnzake mmodzi. N'chifukwa chake n'koyenera kuti amene amakonza ndondomeko za masewero amvetse mmene munthu wotere amapambanira, ndipo palibe masewero amene amaonetsa zimenezi poyera kuposa a malupanga.

Bwalo lake ndi kanjira kotalika mamita 14, mulifupi mwake mita imodzi ndi theka kufikira mamita awiri, kutanthauza kuti sikafika ngakhale theka la kutalika kwa bwalo la mpira wamanja. Osewera amapita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo basi, ndipo wotuluka ndi mapazi onse awiri kumapeto kwa mbali yake amapereka pointi kwa mnzake. Malupanga alipo a mitundu itatu. La épée limalemera mpaka magalamu 770 ndipo limaloledwa kulasa paliponse, kuyambira kumutu mpaka chala cha kuphazi. La foil ndi lopepukirapo, silipitirira magalamu 500, ndipo malo ovomerezeka kulasa ndi thunthu lokha. La sabre ndilo lokhalo limene limaloledwa kutema ndi m'mbali mwake, pamalo alionse a kumtunda kwa chiuno kupatula zikhatho. Onse ndi osathwa, ndipo amalumikizidwa ndi waya ku makina amene amayatsa nyale wina akakhudzidwa. Kunsonga kwa épée kuli kabatani kamene kamafuna mphamvu yoposa magalamu 750 kuti kadinike, kulemera kwa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi mutatapako gawo limodzi la magawo anayi.

Anthu ambiri amayang'ana dzanja, koma aphunzitsi a masewerowa amayamba ndi miyendo. Chimene akatswiri amalimbirana nthawi zonse ndi mpata wa pakati pawo. Wosewera aliyense ali ndi malire amene akhoza kufikapo ndi kudumpha kumodzi, mwendo wakutsogolo utaponyedwa patali ndipo dzanja litatambasuka. Kuima kunja kwa malire a mdani n'kotetezeka koma sikubala pointi, pamene kulowa m'kati mwake n'kudziika pa mbedza. Choncho katswiri amakhalira kusewera pa mzere weniweniwo, kulowa pang'ono ndi kutuluka, kusinthasintha kutalika ndi liwiro la mapazi ake, mpaka mnzakeyo atalakwitsa muyeso ndi kachidutswa kochepa chabe. Nthawi yabwino yolasa ndi pamene phazi la mdani lili m'malere akubwera kutsogolo, popeza pamenepo thupi lake silingathenso kusintha maganizo.

Ndime yotsiriza ya épée ya abambo ku Paris inaonetsa zimenezi bwino lomwe. Yannick Borel wa ku France ndi chiphona chotalika pafupifupi mamita awiri, anali pakhomo pa kwawo, ndipo khamu lonse linali kumbuyo kwake. Koki Kano wa ku Japan ndi wamfupi pomuyerekeza ndi Borel, ndipo pa masewero amene kutalika kwa mkono ndi chuma, ambiri akanamuika kumbuyo. Wamfupi alibe ufulu woima pakatikati, pamene mnzake amufikira koma iye sangamufikire. Ayenera kukhala kutali kwenikweni kapena kulowa mwadzidzidzi mpaka pafupi, pamene mkono wautali umasanduka cholemetsa. Kano anapambana 15 kwa 9, ndipo anakhala munthu woyamba wa ku Japan kutenga golide wa munthu payekha pa masewerowa.

Tsopano tibwerere ku 8 kwa 7 uja. Pa épée, osewera awiri akalasana nthawi imodzi, onse amalandira pointi. Makina amati ndi nthawi imodzi ngati kusiyana kwake sikupitirira pafupifupi gawo limodzi la magawo 25 a sekondi, nthawi yochepa kuposa kuphethira kwa diso. Lamulo looneka laling'onoli ndilo limalamulira masamu onse a mpikisano. Amene ali patsogolo amakondwera ndi kulasana kwa onse awiri, chifukwa kumamuyandikiza ku 15 popanda kuchepetsa kusiyana. Amene ali m'mbuyo amakakamizika kuputa, ndipo woputa ndiye amatsegula dzanja ndi mkono wake kwa mnzake amene wangodikira ndi nsonga. Pachifukwa ichi, pointi yoyamba ndi yachiwiri zimalemera kwambiri kuposa mmene chiwerengero chake chimaonekera, ndipo akatswiri awiri ofanana mphamvu amalolera kutaya nthawi kusiyana ndi kutaya chitsogozo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo El-Sayed anali ndi chifukwa chinanso chodekhera: tsiku lomwelo Borel anali atamugonjetsa 15 kwa 9 m'ndime ya anthu anayi otsala, ngakhale kuti iye ndiye anatulutsa Borel yemweyo m'ndime yoyamba ku Tokyo zaka zitatu m'mbuyomo. Mendulo imodzi yokha ndiyo inatsala, ndipo sanafune kuitaya chifukwa cha phuma.

Kudekhako kuli ndi malire ake. Bungwe loyendetsa masewerowa pa dziko lonse la FIE, limene linakhazikitsidwa mu 1913, linaona kuti oonerera amatopa ndi anthu ongoyang'anizana, ndipo linaika lamulo lakuti pakatha mphindi imodzi popanda pointi, woyimbira apereke chenjezo, kenaka chilango cha pointi, pomaliza kuchotsa wolakwa mu mpikisano. Nthawi ikatha osewera ali ofanana, amachita maere asanayambe mphindi yoonjezera. Amene maere amugwera amapambana ngati mphindiyo itha popanda wolasa mnzake, ndipo kulasana kwa onse awiri sikuwerengedwa. Winayo ndiye amasenza mtolo wonse: ayenera kupeza pointi yoyera m'masekondi 60, kwa munthu amene akudziwa bwino lomwe kuti akubwera.

Masamu omwewa ndiwo amachititsa kuti kubweza chipambano pa épée kukhale chozizwitsa. Ku Rio mu 2016, Park Sang-young wa ku South Korea, ali ndi zaka 20, anali m'mbuyo 10 kwa 14 polimbana ndi Géza Imre wa ku Hungary, bambo wa zaka 41. Imre amangofunika kulasana kumodzi kokha kwa onse awiri kuti atenge golide. Park analasa kasanu motsatizana osakhudzidwa ngakhale kamodzi, napambana 15 kwa 14. Ku Paris, Vivian Kong wa ku Hong Kong anali m'mbuyo 1 kwa 7 kwa Auriane Mallo-Breton wa ku France, koma anapambana 13 kwa 12 m'mphindi yoonjezera. Kusintha kotere sikubwera ndi kulimba mtima kokha. Pakati pa zigawo zitatu za mpikisano pamakhala mphindi imodzi yopuma, pamene mphunzitsi amaloledwa kulankhula ndi wosewera wake, ndipo mphunzitsi wodziwa ntchito amakhala atawona kale chizolowezi chimodzi cha mdani chimene chingagwiritsidwe ntchito.

Sabre, imene Ferjani amasewera, ndi dziko lina. Kuno kulibe zodikira, ndipo pointi zambiri zimatha m'masekondi awiri kapena atatu. Nyale zonse ziwiri zikayaka, pointi imapita kwa mmodzi yekha, amene woyimbira waona kuti ndiye anayamba kuputa mwadongosolo, kapena amene anatchinga lupanga la mnzake nabwezera pomwepo. Osewera amaima motalikirana mamita anayi, ndipo woyimbira akangolamula m'Chifalansa kuti ayambe, aliyense amakhala atasankha kale chochita: kuthamangira kutsogolo mpaka kutema, kuyamba ngati akubwera kenaka n'kudumphira m'mbuyo kuti mnzake ateme mphepo, kutchinga, kapena kutema msanga mnzakeyo akadakonzekera. Chilichonse mwa izi chili ndi chinzake chimene chimachigonjetsa. Zikufanana ndi zimene zimachitika pakati pa womenya penate ndi goloboyi, kusiyana kwake n'kwakuti kuno penateyo imabwerezedwa kopitirira makumi awiri pa mpikisano umodzi, ndipo aliyense ndi womenya komanso wogwira nthawi yomweyo.

M'ndime yotsiriza, Oh Sang-uk wa ku South Korea, mwamuna wamtali amene amatambasula miyendo mpaka kutsala pang'ono kukhala pansi, anatsogola 14 kwa 5. Ferjani anabweza mapointi asanu ndi imodzi motsatizana kufika pa 14 kwa 11, Oh asanatseke pa 15 kwa 11. Mapointi asanu ndi imodziwo ndi ofunika kuwaganizira. Munthu amene watsala ndi pointi imodzi kuti atenge golide amafuna kumaliza msanga, ndipo wofuna kumaliza msanga amawerengeka mosavuta. Ferjani anachedwa kupeza yankho, koma analipeza. Tsiku lomwelo Áron Szilágyi wa ku Hungary, amene anatenga golide katatu motsatizana mu 2012, 2016 ndi ku Tokyo, anatuluka m'ndime yake yoyamba atagonja 15 kwa 8 kwa Fares Arfa wa ku Canada. Katswiri amene wakhala pamwamba zaka khumi ndi ziwiri amakhala kuti wajambulidwa kambirimbiri, ndipo adani ake amakhala ataphunzira kanema wake monga mwana wa sukulu amaphunzirira mayeso akale a MANEB.

Pamwamba pa zonsezi pali luso limene anthu osewera bawo pansi pa mitengo ya pa Kasungu boma angalimvetse msanga kuposa wina aliyense. Wosewera bawo wanzeru amasiya dala nkhomo zoti mnzake adye, chifukwa wawerengera kale kuti kudyako kumutsegulira njira yodya zambiri. Katswiri wa malupanga nayenso amaputa mwadala ndi nkhonya yosafika, kuti mnzake atchinge ndi kubwezera, pamene iye wakonzekera kale kutchinga kubwezerako ndi kulasa kachiwiri. Ena amaonetsa dzanja poyera ngati aiwala, kuti akope nsonga ya mdani. Ena amabwereza chinthu chimodzi katatu m'chigawo choyamba, nalolera kutaya pointi, pofuna kuti mdani achizolowere, ndipo amadzachisintha pa 13 kwa 13. Wosewera wogwiritsa ntchito dzanja lamanzere amakhalanso ndi mwayi wake, popeza iye amakumana ndi a dzanja lamanja tsiku lililonse pamene iwo amakumana ndi amanzere mwa apo ndi apo.

Pali mbali ina imene akuluakulu a boma, amene ntchito yawo ndi kulemba ndi kutsata malamulo, angaione kuti ndi yodziwika. Pa foil ndi sabre, chiweruzo cha munthu chikadali ndi mphamvu ngakhale pali makina. M'ndime yotsiriza ya foil ku Paris, Cheung Ka-long wa ku Hong Kong ndi Filippo Macchi wa ku Italy anafika pa 14 kwa 14. Kawiri konse woyimbira anapita kukaona kanema nabwera osapereka pointi kwa aliyense, ndipo kachitatu anaipereka kwa Cheung. Bungwe la masewerowa la ku Italy linakapereka dandaulo, koma golide anali atapita. M'chaka chomwecho bungwe la ku United States linaimitsa oyimbira awiri a sabre chifukwa cha mmene anayendetsera mpikisano wina. Ku London mu 2012, wotchi inakakamira pa sekondi imodzi yotsiriza pa mpikisano wa Shin A-lam wa ku South Korea ndi Britta Heidemann wa ku Germany. Shin, amene maere anali atamugwera, analasidwa m'sekondi yosathayo, ndipo anakhala pabwalo akulira pafupifupi ola lathunthu podikira chigamulo cha apilo imene inakanidwa. Pambuyo pake mawotchi anayamba kuwerenga tizigawo ta sekondi kumapeto kwa nthawi. Mu 2005 nthawi imene nsonga ya foil iyenera kukhala pa thupi kuti nyale iyake inatalikitsidwa ndi tizigawo tochepa kwambiri ta sekondi, ndipo kusintha kumeneko kunafooketsa luso lokwapula lupanga ngati chikoti kuti nsonga ikagwere kumsana, limene ena anali atadyerapo zaka zambiri. Wosewera amene mphunzitsi wake satsata kusintha kwa malamulo amakafika ku mpikisano ndi luso la chaka chatha.

Funso ndi lakuti Egypt ndi Tunisia anafika bwanji pamenepa. Choyamba ndi nthawi. Mzinda wa Cairo unachititsa mpikisano wa dziko lonse wa masewerowa kale mu 1949, unachititsanso wa achinyamata mu 2021 ndi wa akuluakulu mu 2022. Abouelkassem sanatulukire pa chulu: anakulira m'makalabu a ku Alexandria, ndipo pofika ku ndime yotsiriza ku London, kumene anagonja 15 kwa 13 kwa Lei Sheng wa ku China, anali atagwetsa Peter Joppich wa ku Germany ndi Andrea Cassarà wa ku Italy, onse odziwika pa dziko lonse. Chachiwiri, chimene sichitchulidwa mokwanira, n'chakuti ambiri mwa akatswiriwa anakanoledwa kunja. Ferjani anaphunzira pa St. John's University ku New York pansi pa mphunzitsi Yury Gelman, El-Sayed anapita ku Long Island University, Ziad El-Sissy wa ku Egypt, amene anathera pa nambala 4 pa sabre ku Paris, anadzera ku Wayne State University, pamene Boubakri anakhala zaka zambiri akuchita zokonzekera ku France. Mayiko awo anawaumba ali ana, koma anzawo olimbana nawo tsiku ndi tsiku a mulingo wa Olimpiki anakawapeza kwina. Masewerowa anawapatsanso maphunziro a ukachenjede, phindu limene limatsala ngakhale mendulo itapanda kubwera.

Kumwera kwa chipululu cha Sahara zinthu zikadali pa chiyambi. Ku Dakar m'dziko la Senegal kunakhazikitsidwa sukulu yophunzitsa aphunzitsi a masewerowa ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa, ndipo mzinda womwewo ndiwo unapatsidwa mwayi wochititsa masewero a Olimpiki a achinyamata a 2026, koyamba pa nthaka ya Africa. Dziko la Kenya linaimiridwa ku Paris ndi Alexandra Ndolo, wobadwira ku Germany kwa bambo wa ku Kenya, amene anatenga siliva wa dziko lonse ku Cairo mu 2022 akusewerera Germany asanasinthe mbendera. South Africa inatumiza Harry Saner, amene anapeza malo popambana mpikisano wapadera wa mayiko a mu Africa ku Algiers mu Epulo 2024. Mpikisano umenewo umasungidwira mayiko amene alibe wosewera wina amene wadutsa kale pa lupanga la mtunduwo, ndipo khomo limeneli ndilo lotseguka kwambiri kwa dziko laling'ono, popeza Egypt ikadutsa ndi timu yake yonse siipikisananso pamenepo.

Kuno ku Kasungu nkhani ya zida za m'manja si yachilendo. Dzina la Nguru ya Nawambe, kumene kuli nyumba ya mtsogoleri woyamba wa dziko lino malemu Dr Hastings Kamuzu Banda, limakumbutsa za Nawambe, mtsogoleri wa ankhondo a Chingoni amene anagonjetsedwa ndi anthu a Mwase m'zaka za m'ma 1800. Kumpoto kwa bomali, kumalire ndi Mzimba, gule wa ingoma amavinidwabe ndi chishango ndi chibonga, ndipo anyamata a Chingoni ankaphunzira kumenya ndi kutchinga ndi ndodo ali kubusa. Tisadzinamize kuti ndodo ya mbusa ndi épée ndi chinthu chimodzi. Wa ndodo amamenya ndi mphamvu ya phewa ndipo amazungulira mdani wake, pamene wa épée amayendetsa nsonga ndi zala pa mzere woongoka. Chimene chimasamuka kuchoka ku kumodzi kupita ku kwina ndi diso loyeza mpata, kusaphethira chida chikamabwera kumaso, ndi kudziwa kunamiza. Mayiko ena anaona phindu losunga luso lotere: ku South Africa kulimbana ndi ndodo kuli m'gulu la masewero a makolo amene boma limachititsa mpikisano wake, ndipo tahtib, masewero a ndodo a ku Egypt, analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2016, kaundula yemwe muli Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa.

Zovuta zake n'zosabisika. Zida zonse, kuyambira lupanga, chigoba cha kumaso, jekete losabooka mpaka makina a nyale, n'zoitanitsa kunja, pa nthawi imene ndalama zakunja zimaperewera ngakhale pa mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala. Chitetezo sichinyengereredwa. Mu 1982 ku Rome, Vladimir Smirnov wa ku Soviet Union, amene anali katswiri wa Olimpiki ndi wa dziko lonse, anamwalira lupanga la mnzake litathyoka ndi kuboola chigoba chake, ndipo kuchokera pamenepo malamulo a zitsulo ndi nsalu anakhwimitsidwa kwambiri. Mkulu wa boma amene angalole ana kusewera ndi zida zosula kwa mmisiri wa pamsika ndi zigoba za waya wa nkhuku pofuna kupulumutsa ndalama adzakhala akuitana maliro. Komanso palibe amene ayenera kulonjeza mendulo ya msanga, popeza ambiri mwa akatswiri amene tatchulawa anayamba ali ana ndipo anatha zaka zambiri asanaime pa nsanja.

Ngati unduna woona za achinyamata ndi masewero, bungwe la Malawi National Council of Sports ndi Malawi Olympic Committee angafune kuyesa, maganizo athu ndi akuti épée ndiyo poyambira. Siidalira woyimbira wodziwa kuweruza amene anayamba kuputa, ntchito imene yasokoneza ngakhale oyimbira a ku Olimpiki, ndipo siifuna jekete la zitsulo limene foil ndi sabre zimafuna. Ndalama zoyamba zipite kwa aphunzitsi awiri kapena atatu, osati ku nyumba. Holo ya sukulu ya sekondale ikhoza kukwana, ndipo miyezi yoyamba ya mwana imathera pa kuphunzira mapazi, zimene sizifuna magetsi, kenaka malupanga apulasitiki amene mayiko ena amagwiritsa ntchito m'sukulu. Boma la Kasungu lili ndi sukulu yosula aphunzitsi, lili ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama imene inatsegulidwa mu 1981, ndiponso sukulu za sekondale zogonera pomwepo monga Chayamba, kumene ana amakhala pamodzi chaka chonse. Thandizo la Olympic Solidarity, thumba limene komiti ya Olimpiki ya dziko lonse imathandizira aphunzitsi ndi osewera a mayiko osauka, limadzera ku komiti ya Olimpiki ya dziko lililonse, ndipo limapita kwa amene alemba pempho lomveka. Kuyambira mu Juni 2025 komiti ya dziko lonseyo ikutsogozedwa ndi Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, amene analowa m'malo mwa Thomas Bach, yemwe mwini wake anatenga golide wa foil ndi timu ya West Germany mu 1976.

Wokonza ndondomeko ya m'boma muno ayeneranso kuwerengera kalendala ya fodya. Kuyambira ku nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa mpaka kusankha ndi kudinda mabelo opita ku msika wa Chinkhoma, banja la mlimi kapena la tenanti silikhala ndi manja opuma, ndipo mabungwe olimbana ndi mchitidwe wogwiritsa ana ntchito m'minda akhala akutchula Kasungu kawirikawiri. Masewero amene amafuna kuti mwana abwere katatu pa sabata chaka chonse sangayende kunja kwa sukulu. Akamangiriridwa ku sukulu, amakhala chifukwa chinanso choti mwana asajombe m'miyezi yothyola fodya. Izi n'zoona pa malupanga monga zilili pa nkhonya, judo kapena kuponya mivi, kumene Areneo David anaimirira dziko lino ku Rio ndi ku Tokyo.

Ngakhale lupanga litapanda kufika ku Kasungu, njira ya akatswiriwa ikhoza kufika mawa lomwe. Mphunzitsi wa nkhonya akhoza kujambula mpikisano wa wosewera wake pa foni ya m'manja, n'kukhala naye pansi kuwerenga kuti wamenyedwa kangati akulowa, kangati akutuluka, ndiponso m'chigawo chiti. Mphunzitsi wa mpira wamanja akhoza kulemba kumene woponya wa timu ina amatembenukira akapanikizidwa. M'sukulu za pulayimale maphunziro olimbitsa thupi anaphatikizidwa ndi nyimbo ndi zojambula mu phunziro la Expressive Arts, ndipo mphunzitsi mmodzi amayembekezeka kudziwa zonsezo. M'malipoti amene maofesi a zamasewero a m'maboma amatumiza ku likulu, pambali pa chiwerengero cha mipira ndi mayunifolomu amene agawidwa, payenera kukhala mzere wonena kuti ndi aphunzitsi angati amene aphunzitsidwa kusanthula mpikisano m'chakacho, ndiponso pa masewero ati. Mwana wa Sitandade 5 amene angayambe chaka chino sadzakhala wokonzeka pa masewero a Los Angeles mu 2028, ndipo ku Brisbane mu 2032 adzakhala akadali wamng'ono. Bajeti imene ingamuthandize ndi imene ikuyang'ana masewero a 2036.